Juzi ya Agogo Sipezeka pa Salaula

Munthu amene amadziwa Nyimba ndi Petauke chifukwa chongodutsa pa basi ya ku Chipata m'mwezi wa October angathe kulumbira kuti dera limeneli silidziwa chisanu. Amakumbukira thukuta la pa mlatho wa Luangwa, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndiponso nthochi za pa Nyimba zikupsera m'malichero dzuwa lili paliwombo. Koma atagona usiku umodzi wokha wa June kapena July m'midzi ya kwa Mfumukazi Mwape angasinthe mawu. Thambo likayera usiku, kutentha konse kwa masana kumathawa, ndipo m'bandakucha mphepo ya m'madambo imalowa m'mafupa. Ana asukulu amanyamuka manja ali m'khwapa, madoda amaunjikana pamoto, ndipo mayi wa khanda amasuzumira kawirikawiri kumsana kuti aone ngati kamutu kali kofunda. Iyi ndi nyengo imene singano zolukira zimatuluka pansi pa sutikesi, ndipo kumene singano kulibe, masipoko a njinga onoledwa pamwala amagwira ntchito yomweyo. Ndi nyengo yomweyinso imene thonje limayera m'minda, kuthyoledwa, kupondedwa m'masaka ndi kukwezedwa pa malole opita kutali.

Zinthu ziwirizi, thonje lochoka ndi juzi yolukidwa, zimachitikira pakhomo limodzi m'mwezi umodzi koma sizikumana. Ulusi umene agogo akulukira mdzukulu wawo sudachokere m'munda mwawo. Udagulidwa pa sitolo ya pa boma, kapena udamasulidwa ku juzi yakale ya pa salaula. Ambiri amaona zimenezi n'kunena kuti kuluka ndi ntchito yotha, yotsala kwa nkhalamba zimene zidaphunzira kwa akazi a amishoni, ndipo kuti belo limodzi la zovala zakunja likhoza kufunditsa mudzi wonse popanda wina kupweteka maso. Maganizo amenewa ali ndi choona chake, koma akuphonya chachikulu. Juzi yolukira mbale wako ndi chovala ndithu, komanso ndi njira yosungira chibale ndi luso m'mudzi, ndipo chimene chikulifooketsa luso limeneli kwathu kuno si salaula ayi. Chikulifooketsa ndi chakuti sitidalipatse dzina lathu, maluwa athu ndi ulusi wathu. Umboni wa zimenezi uli kutali kwambiri, kumpoto kwa Ulaya, m'dziko la Norway, kumene anthu adalandira luso lomweli kuchokera kwa alendo monga ifeyo, koma adachita nalo zosiyana.

Luso lobwereka limene lidakhala la eni

Lero munthu akatchula juzi ya ku Norway, anthu a m'maiko ambiri amaona m'maganizo chovala cha ubweya wa nkhosa chokhala ndi nyenyezi, mitanda ndi timadontho pachifuwa. Zimaoneka ngati zidayamba ndi dzikolo. Komatu kuluka ndi singano ziwiri sikudabadwire kumeneko. Zoluka zakale kwambiri zimene akatswiri adazipeza n'kuzisunga ndi masokosi a ku Egypt, muno mu Africa, a zaka pafupifupi 800 kapena 900 zapitazo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a thonje loyera ndi labuluu. Luso lidayenda ndi amalonda kulowa ku Ulaya, ndipo lidafika m'midzi ya ku Norway mochedwa. Majuzi amene tsopano akutchedwa achikhalidwe adakhazikika m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe kuno Angoni a Mpezeni anali kuyenda ulendo wawo wodzakhazikika kum'mawa kwa Zambia. Chikhalidwe chimene chimaoneka ngati chakalekale nthawi zina chimakhala cha mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi yokha.

Juzi yotchuka ya m'chigwa cha Setesdal imatchedwa lusekofte, ndipo dzinali likutanthauza juzi ya nsabwe, chifukwa cha timadontho toyera tomwazikana pa ulusi wakuda. Eni ake sadachite manyazi ndi dzina lotere, ndipo timadonthoto sitidaikidwe pongofuna kukongoletsa. Woluka amayenda ndi ulusi uwiri nthawi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, moti chovala chimatuluka chochindikala kawiri, ndipo kadontho kalikonse ndi pamene ulusi wakumbuyo wamangiriridwa kuti usalendewere. M'munsi mwa juziyo ankasiya moyera popanda maluwa, chifukwa mbali imeneyo inkapisiridwa m'buluku, ndiye panalibe chifukwa chotayira utoto pamalo posaoneka. Uku ndi kuganiza kwa mlimi wosauka, kofanana ndi kwa mayi wa kwa Mwape amene amaika ulusi watsopano pachifuwa ndi wakale kumsana. Kukongola kudabadwa m'kusowa.

Ku Selbu, pafupi ndi mzinda wa Trondheim, mtsikana woweta ziweto dzina lake Marit Emstad, wobadwa mu 1841, adaluka magolovesi a ulusi wakuda ndi woyera okhala ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, cha m'ma 1857, n'kupita nawo kutchalitchi. Anzake adasirira natengera. Posakhalitsa kalukidwe kameneka kadalowa m'mwambo wa ukwati: mkwatibwi ankayenera kukonzekera zoluka zambiri zopatsa a kuchimuna ndi alendo, ndipo abale ake ankamuthandiza kuluka. Nyenyeziyo idalipo kale m'zokongoletsa za mitundu ina, koma a ku Selbu adaigwiritsa ntchito mpaka idatenga dzina la kwawo. Malonda atakula, ena adayamba kuluka mothamanga n'kuononga mbiri, choncho mu 1934 adakhazikitsa bungwe loyang'anira kalukidwe ndi kugulitsa. Choyenera kuchigwira apa ndi dongosolo lake: mphatso ya pachibale idayamba, malonda adabwera pambuyo.

Kenaka padabwera olemba. Mayi wina, Annichen Sibbern Bøhn, adayenda m'midzi kusonkhanitsa maluwa a zoluka, ndipo mu 1929 adawasindikiza m'buku kuti aliyense athe kuwerenga timfundo n'kuluka yekha. Mu 1953 Unn Søiland adatenga maluwa a ku Setesdal, nawaika m'mitundu ya mbendera ya dzikolo, yofiira, yoyera ndi yabuluu, ndipo juziyo idatchedwa Marius, dzina la Marius Eriksen, katswiri wa masewero otsetsereka pa chipale amene adaivala mu filimu. Fakitale ya ulusi ya ku Sandnes idagulitsa pataniyo pamodzi ndi ulusi wake, ndipo mpaka lero ndiyo patani yolukidwa kwambiri m'dzikolo. Dziko la Norway tsopano ndi limodzi mwa maiko olemera kwambiri chifukwa cha mafuta, ndipo palibe amene amalukira mwana wake chifukwa chosowa ndalama yogulira chovala. Amalukabe, achinyamata omwe, m'sitima ndi m'nyumba zomwera khofi. Ngati kutchipa kwa zovala za m'sitolo pakokha kukadakhala kopha luso, likadayamba kufa kumeneko.

Ulusi wathu udaduka pati?

Wina anganene kuti a ku Norway anali ndi nkhosa ndi mwambo wopota ulusi, pamene ife tidangoona singano m'manja mwa adona a pamishoni. Mbiri ikukana. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, ofukula zakale adapeza tizipangizo topotera ulusi ndi zidutswa za nsalu m'manda a anthu amene adakhalako zaka pafupifupi 500 zapitazo. M'chigwa cha Zambezi ndi mitsinje yothiramo, anthu ankalima thonje n'kuomba nsalu yotchedwa machila, imene inkayenda pa malonda ngati ndalama. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akupota ndi kuomba m'midzi yambiri. Kuwonjezera apo panali nyanda, yosulidwa kuchokera ku khungwa la mtengo. Manja a anthu a kuno ankaudziwa ulusi asadaone mmishonale. Chidaupha ndi nsalu yotchipa ya m'mafakitale akunja imene idasefukira ndi amalonda. Salaula si woyamba kugwetsa luso la nsalu m'dera lino.

Singano ziwiri zidabweradi ndi mishoni. A Dutch Reformed, amene mpingo wawo lero ndi Reformed Church in Zambia, adayamba ku Magwero mu 1899, nafika ku Nyanje mu 1905, kenaka ku Hofmeyr mbali ya Nyimba. Akatolika adatsegula Minga m'zaka za m'ma 1920. M'malo otere atsikana ankaphunzira kusoka, kuluka ndi kusamala pakhomo, ndipo lusolo lidafalikira kudzera m'magulu a amayi a mpingo monga Chigwirizano. Dziko litalandira ufulu mu 1964, makalabu a amayi a nthambi ya chitukuko cha m'midzi ndi maphunziro a zapakhomo m'sukulu adapitiriza. M'zaka za UNIP, pamene katundu wakunja ankavuta kupeza, mayi wodziwa kuluka anali chuma cha banja. Ana a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ambiri adakula ndi juzi ya sukulu yotuluka m'manja mwa mayi awo kapena azakhali awo.

Zinthu zidatembenuka boma la MMD litalowa mu 1991 n'kutsegula zipata za malonda. Mabelo a salaula adadzaza misika kuchokera ku Lusaka mpaka kumidzi, monga momwe kaunjika adachitira ku Malawi, ndipo katswiri Karen Tranberg Hansen adalemba buku lonse la malonda amenewa mu 2000. Mafakitale a nsalu monga Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe adafooka, ndipo ya ku Kabwe idakhala zaka zambiri zitseko zili zotseka. Kampani ya boma yogula thonje, Lintco, idagulitsidwa pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo makampani amene adalowa m'malo mwake adayamba kupereka mbewu ndi mankhwala pa ngongole kwa alimi a ku Eastern Province. Thonje lidapitirira kulimidwa, koma lochuluka limachotsedwa njere n'kutumizidwa kunja lisadapotedwe. Mlimi wa kwa Mwape amagulitsa thonje pa kilogalamu, ndipo mkazi wake amagula ulusi pa kampukutu, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, wodutsa nyanja. Apa ndi pamene ulusi wathu udadukira.

Chimene belo silingapereke

Tsopano tiyankhe funso la mtengo, chifukwa ndilo lolemera. Juzi ya munthu wamkulu imadya ulusi pafupifupi theka la kilogalamu ndi timfundo zikwi makumi angapo, ndipo woluka madzulo okha amatha milungu ingapo. Nthawi zambiri ulusi wokhawo umadula kuposa juzi yathunthu ya pa salaula. Banja limene likuwerengera ndalama ya feteleza, chigayo ndi sopo silingadzudzulidwe posankha yotchipa, ndipo aliyense wonyoza salaula sadagonepo ndi mwana wopanda chofunda. Salaula adaveka anthu amene kale ankayenda ndi chovala chimodzi, ndipo akudyetsa mabanja ambiri a ogulitsa. Pa mpikisano wa mtengo, singano zidagonja kale ndipo sizidzapambana. Koma funso lenileni ndi lakuti kodi mtengo ndiwo muyeso wokhawo. Nkhuku ya pakhomo imadula kuposa ya m'khola la malonda, ndipo imatenga miyezi kuti ikule, komabe apongozi akabwera palibe amene amafunsa chifukwa chake tikuthamangitsa yachikuda. Pali zinthu zimene ntchito yake ndi kunena kwa wolandira kuti iwe ndiwe wathu.

Pakati pa Ansenga, monga pakati pa Achewa, mwana amawerengedwa ku mbumba ya mayi, ndipo amaleredwa ndi manja ambiri: amayi aakulu, amayi aang'ono, ambuye, amalume, ndi azakhali a kuchimuna amene safuna kuiwalika. Masiku ano mbumba yamwazikana. Wina ali ku Chipata, wina ku Kalingalinga mu Lusaka, wina ku migodi ya ku Solwezi, ndipo chibale chambiri chasanduka ndalama yotumiza pa foni. Ndalamayo ndi yofunika, koma imayenda mbali imodzi, kuchokera m'tauni kupita kumudzi, ndipo wokhala kumudzi amasanduka wolandira yekhayekha. Juzi ikakwera basi pa Nyimba kupita kwa mdzukulu wa ku Lusaka, pamodzi ndi thumba la mtedza, agogo ayankha. Kuti ailuke adayenera kufunsa kuti mwanayo wafika pati msinkhu, mikono yake ndi yotalika bwanji, amakonda mtundu wanji. Belo silifunsa dzina la mwana. Akulu adati kupatsa n'kuika, ndipo amene waika milungu itatu ya maso ndi zala zake mwa mwana waika chinthu chimene mwanayo adzachikumbukira tsiku lomwe agogowo adzafune womutengera kuchipatala.

Pali malo amodzi pamene ngakhale wokonda kuwerengera ndalama ayenera kuvomereza, ndipo ndi pa khanda. Madokotala amanena kuti kutentha kwa thupi la mwana wobadwa kumene kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo kukatsika pansi pa apo moyo wake uli pangozi, makamaka akabadwa masiku asadakwane. Izi zimachitika ngakhale m'maiko otentha, chifukwa khanda limataya kutentha mofulumira, kwambiri kudzera m'mutu umene ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. N'chifukwa chake anamwino amauza amayi oyembekezera kuti m'chikwama chopita nacho kuchipatala musasowe kachipewa, timasokosi ndi shawelo, ndipo polera mwana wosakwana masiku pachifuwa pa mayi, kachipewa ndi kofunika. Mutu wa mwana wotere ndi waung'ono kwambiri moti chipewa chomukwana sichipezeka wamba pa msika. Woluka amachimaliza tsiku limodzi ndi ulusi wotsala. Mudzi umene uli kutali ndi chipatala cha pa Nyimba kapena cha Minga ukakhala ndi amayi atatu odziwa kuluka, uli ndi chitetezo chimene ndalama yake ndi yochepa zedi.

Kodi si goli lina pakhosi pa amayi?

Chitsutso chachiwiri n'chakuya, ndipo chimachokera kwa amayi ophunzira amene sitiyenera kuwanyalanyaza. Iwo amati maphunziro a amishoni ndi a atsamunda adapatsa mnyamata cholembera ndi mtsikana singano, pofuna kuti mkazi akhale wapakhomo womvera, ndipo kuyamikira kuluka lero ndi kubwezera mtsikana pamphasa pamene anzake akupita ku koleji. Amatinso mayi wa kumudzi ali kale ndi khasu, mtsuko, nkhuni ndi mtondo, ndiye kumuonjezera juzi ndi kumuonjezera ntchito yopanda malipiro. Mbiri imene akutchulayo ndi yoona. Koma cholakwa chinali kumana mtsikana cholembera, osati kumupatsa singano. Woluka maluwa a mitundu iwiri amawerenga, amagawa, amachulukitsa, amasunga m'mutu dongosolo la mizere makumi, ndipo akalakwitsa kamfundo kamodzi amabwerera kukakasaka. Amenewa ndi masamu enieni, ndipo mwana wozolowera zimenezi sadabwa akakumana ndi magirafu m'kalasi. Ndiponso palibe lamulo la chilengedwe loti singano ndi za akazi. M'midzi yathu amuna ndiwo amaluka mphasa, nkhokwe, miono ndi maukonde, ndipo m'mbiri ya ku Ulaya mabungwe a oluka a m'mizinda anali a amuna. Mnyamata amene angaluke mono angalukenso chipewa cha mwana wa mlongo wake.

Za kutopa, kusiyana kuli pa kufuna. Kutunga madzi sikudikira kuti munthu akhale ndi mtima wofuna, koma kuluka kumayamba ndi kuleka pamene mwini wafunira. Ndi imodzi mwa ntchito zochepa zimene mayi amachita atakhala pansi, pamthunzi, akucheza ndi anzake pa chilimba, podikira mzere wa sikelo, kapena madzulo pa nyale ya sola imene tsopano yafika m'nyumba zambiri. Chimene amalima chimadyedwa n'kutha, chimene amachapa chimadanso mawa, koma chimene waluka chimaoneka chaka ndi chaka pathupi pa munthu, ndipo anthu amafunsa kuti waluka ndani. Tisapeputse funso limenelo. M'moyo umene ntchito zambiri za mkazi sizitchulidwa dzina, chovala chimene chimanyamula dzina la wochipanga n'chamtengo. Choipa chingabwere pokhapokha wina atasandutsa chisangalalochi kukhala lamulo, kapena wogula atafuna kulipira milungu itatu ya ntchito ndi mtengo wa pa salaula.

Chitsutso chachitatu n'chakuti juzi yochindikala ya ku Norway ilibe ntchito m'chigwa cha Luangwa, kumene miyezi yambiri ndi yotentha. Apa palibe chokana, ndipo aliyense wofuna kuti amayi a kwa Mwape azikopera nyenyezi za ku Selbu ndi mphalapala za m'chipale wasokera. Chofunika kutengera kwa anthu aja si juzi yawo koma zimene adachita nayo. Adayang'ana nyengo yawo n'kuluka choyenera nyengoyo. Chisanu chathu n'cha m'mawa ndi usiku, cha miyezi itatu, ndipo chimafuna chovala chopepuka chovula dzuwa likakwera: juzi yopanda mikono ya mwana wasukulu, yotsegula kutsogolo ya agogo, chipewa cha wa njinga yamoto wonyamuka tambala woyamba. Thonje limayenera zovala zotere kuposa ubweya, silisungunuka likayandikira moto ngati ulusi wa m'sitolo uja, ndipo monga taonera, ndilo lidalukidwa m'masokosi akale aja a ku Egypt.

Maluwa ali kale pakhomo

Nanga maluwa athu tingawatenge kuti? Ali ponseponse, kungoti sitidawaone ngati patani. Madengu ndi malichero a pa mlatho wa Luangwa ali ndi mizere yopingasa ndi yokhotakhota imene woluka dengu amaiwerenga monga momwe woluka juzi amawerengera timfundo, moti kuisamutsira pa singano n'kosavuta. Pali mizere ya pa mphasa, zolemba za pakhosi pa mtsuko, mitundu ya mikanda, zokongoletsa za dothi lofiira, loyera ndi lakuda pa zipupa zozira, ngakhale mphini zimene zikupita ndi agogo otsiriza amene adatemedwa. Mawanga a nkhanga sasiyana ndi timadontho ta ku Setesdal, ndipo dzina lake n'lokoma kuposa la nsabwe. Chimene chikusowa ndi munthu wochita zimene Annichen Sibbern Bøhn adachita: kuyenda ndi kope la masamu la timabokosi, kukhala pansi ndi oluka madengu ndi oumba mbiya, kujambula duwa lililonse ndi kulemba dzina lake m'Chinsenga ndi mudzi umene lachokera. Ntchitoyi mphunzitsi wa zapakhomo ndi ophunzira ake angathe kuichita m'teremu imodzi, ndipo foni ingafalitse zotsatira zake pa WhatsApp mofulumira kuposa buku la mu 1929.

Msika woyambira ulinso pafupi. Kuyambira mu 2022, pamene boma lidachotsa malipiro a sukulu, makalasi adadzaza, ndipo mwana aliyense amafuna juzi ya mtundu wa sukulu yake, chinthu chimene belo silingalonjeze. M'chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF lidakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina ndi la magulu a amayi ndi achinyamata komanso maphunziro a ntchito zamanja. Gulu limene lingagule makina olukira apamanja lingathe kuveka sukulu zoyandikana, ndipo m'mphepete mwa juzi iliyonse mungadutse mzere umodzi wa duwa la kwawo. Pa mwambo wa Tuwimba, pamene Ansenga amasonkhana kwa Kalindawalo, zovala zotere zikhoza kuonetsedwa ndi kupikisana. Za ulusi ndi zovutirapo, chifukwa kupota pamanja n'kochedwa ndipo palibe amene angalonjeze kuti mudzi udzapikisana ndi fakitale. Koma kusunga mtanga umodzi wa thonje pa zokolola, kupota wokwana chipewa cha khanda, kuunyika mu utoto wa makungwa ndi masamba, n'kotheka, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Chenjezo la ku Selbu likhale m'maganizo: malonda akathamanga kuposa luso, mbiri imaonongeka. Choyamba ndi kulukira mwana wa m'nyumba, amene sungamunamize.

Pali nkhani ina ya ku Norway imene ikufanana kwambiri ndi zathu. Mu 1983 mayi wina, Annemor Sundbø, adatenga kafakitale pafupi ndi Kristiansand kamene ntchito yake inali kung'amba zovala zakale za ubweya kuti zikhale zoika m'zofunda. Adapeza mulu waukulu wa sanza, salaula wa kwawoko, ndipo m'malo mongoponya zonse m'makina adayamba kusankhula. M'sanzamo adapeza majuzi, masokosi ndi magolovesi a mibadwo yapita, okhala ndi maluwa oiwalika ndi zigamba zosonyeza momwe amphawi ankasamalira chovala, ndipo kuchokera m'mulu umenewo adalemba mabuku amene adabwezera anthu a kwawo mbiri yawo. Mayi wa kwa Mwape amene amagula juzi yobooka pa mtengo wotsika, kuimasula, kuchapa ulusi, kuukulunga pa chitsononkho n'kuulukanso pa muyeso wa mdzukulu wake akuchita ntchito ya mtundu womwewo, ngakhale palibe adamulembapo. Iye wapeza kale njira yokhalira ndi salaula popanda kumugonjera: belo walisandutsa sitolo ya ulusi. Zala ali nazo, kuleza mtima ali nako, ndipo omulandira mphatso alipo. Chatsala n'chakuti pachifuwa pa juziyo pakhale duwa la pa lichero la mayi ake, ndipo tsiku lina, lole ya thonje ikamanyamuka mu July, mtanga umodzi utsale pakhonde.